Anthu atatu akufuna nyumba yanu, mugulitse kwa ndani?

Nyumba ikangolengezedwa kuti ili pa malonda, kaya pa Facebook, kaya m'magulu a WhatsApp kapena kudzera mwa ma ejenti, foni siyipuma. Ambiri oimbawo amakhala ongofunsa mtengo, ena ndi ma ejenti ofuna kulowa pakati, koma pakapita masabata angapo mumatsala ndi anthu awiri kapena atatu omwe abwera, aiona nyumbayo mpaka kubafa, ayang'ana denga ngati likudontha, ndipo atchula ndalama zawo. Apa ndi pomwe eni nyumba ambiri amapupuluma, amangoona kuti watchula zambiri ndani basi n'kugwirana naye chanza. Ine ndimaona kuti nambala yomwe munthu watchula ndi mbali imodzi chabe ya ofa yake. Kuno kwathu komwe kwacha ikutha mphamvu mwezi ndi mwezi, funso loti ndalamazo zilowa liti mu akaunti yanu, komanso ngati zilowedi, ndi lolemera chimodzimodzi ndi funso loti ndi zingati.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti zimveke. Muli ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Area 49 ku Lilongwe, ili mu fensi, title deed (chikalata cha boma cha umwini) ilipo m'dzina lanu, mwaitchaja K90 miliyoni. Bambo wina wa bizinesi akuti apereka K95 miliyoni, koma lero ali ndi K30 miliyoni, zotsalazo amaliza pakutha pa chaka, ndipo akufuna makiyi pompano. Mayi wina wogwira ntchito pa kampani akuti K88 miliyoni kudzera pa ngongole ya kubanki. Wachitatu akuti K82 miliyoni, zonse nthawi imodzi pasanathe masabata awiri. Pongomva ndi khutu, wa 95 uja wapambana, wa 82 akuoneka ngati wabwera kudzakudyerani masuku pamutu.

Koma tiyeni timuwerengere bwino wa 95 uja. Ndalama yomwe ikugwirika ndi K30 miliyoni, K65 miliyoni inayo ndi lonjezo. Ngati mitengo ya zinthu ikwera ndi 25 peresenti m'chaka chimenecho, ndipo zaka zapitazi takhala tikuona mitengo ikukwera chotero ngakhale kuposa apo, K65 miliyoni yobwera kumapeto kwa chaka idzagula zinthu zomwe lero mungagule ndi K52 miliyoni. Mukaphatikiza ndi 30 uja zikukwana K82 miliyoni, ndendende zomwe wachitatu uja akufuna kukupatsani pasanathe masabata awiri. Ndipo pamenepo sitinawerengere lendi, chifukwa mukapereka makiyi ndiye kuti alendi anu atuluka, ngati amalipira K350,000 pa mwezi ndi K4.2 miliyoni yomwe yapita pa chaka. Ndiye munthu amene amaoneka kuti ali pamwamba uja kwenikweni ali pansi pa onse.

Izi si masamu apapepala chabe. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, dollar yomwe inali cha m'ma K1,180 kubanki inafika cha m'ma K1,700 tsiku limodzi. Taganizani munthu yemwe anasayina mu September 2023 kuti azilandira pang'onopang'ono, cholinga chake chili choti amalize nyumba ina kumudzi kapena agule poloti ku Chileka. Simenti, malata, zitsulo, matailosi, penti, zambiri mwa izi zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zipangizo zakunja, ndiye mitengo yake inatsatira dollar pomwe ngongole ya wogula uja inakhala pomwepo pa nambala yomwe anasayinirana. Wogula anapindula, wogulitsa anatsala ndi nyumba yosafika pa lintala.

Vuto lina la wolipira pang'onopang'ono, lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa la kwacha, ndi loti akangolowa m'nyumba mphamvu zanu zonse zatha. Mwezi woyamba alipira, wachiwiri akuti katundu wake wagwidwa pa boda ya Mwanza, wachitatu akuti boma silinamulipire kontrakiti, ndipo mwina akunena zoona, koma inu nyumba mulibe ndalama mulibe. Kumutulutsa sikophweka chifukwa iye si mlendi, ndi munthu yemwe ali ndi mgwirizano wogula ndipo walipirako gawo. Ngati nyumbayo ndi yolembetsedwa, malamulo a Registered Land Act amalola munthu yemwe akuti ali ndi gawo pa malo kukaika caution, chomwe ndi chiletso pa malowo, ku Land Registry, ofesi yolembetsa malo, ndipo ikangolowa simungasinthe dzina kupita kwa wogula wina mpaka woiikayo aichotse, kapena Registrar kapena khothi ligamule. Nkhani za malo kukhothi zimatha zaka. Nthawi yonseyo munthu akugona m'nyumba mwanu, mwina wagumula khoma, mwina waikamo alendi ake. Sindikunena kuti kulipira pang'onopang'ono ndi koipa nthawi zonse ayi, nyumba zambiri za ku Chinsapo, Mbayani, Mchengautuba zimagulitsidwa choncho chifukwa ogula ake sangapeze ndalama zonse kamodzi. Koma ngati mukuvomera, gawo loyamba likhale lalikulu, miyezi ikhale yochepa, mtengo ukwere molingana ndi nthawi yodikira, ndipo makiyi ndi mapepala zikhale kwa inu kapena kwa loya mpaka tambala yomaliza italowa.

Tsopano mayi wa ngongole ya kubanki uja. Anthu ambiri amamuthawa wogula wotere ati zimachedwa, ndipo n'zoona zimachedwa, koma ndalama yake ikatuluka imatuluka yonse ndipo ndi yoyera, mukudziwa komwe yachokera. Chofunika ndi kudziwa kuti mayiyo ali pati pa ulendo wake ndi banki. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa munthu yemwe wangolowa mu National Bank, Standard Bank, NBS kapena FDH n'kufunsa za ngongole ya nyumba, ndi munthu yemwe banki yamuunika kale malipiro ake n'kumupatsa kalata yonena kuti ingathe kumubwereka mpaka ndalama zakuti. Woyambayo alibe ofa, ali ndi chikhumbo chabe. Pemphani kuona kalatayo, si mwano ayi.

Ngakhale kalata ilipo, pali chinthu china chomwe chimagwetsa malonda ambiri. Banki siyibwereka potengera mtengo womwe mwagwirizana inu awiri, imatumiza valuer wake, katswiri woyesa mtengo wa nyumba, kudzaiona nyumbayo, ndipo imabwereka gawo chabe la mtengo womwe valuer walemba. Tinene kuti bankiyo imapereka 80 peresenti. Mayi uja amawerengera kuti pa K88 miliyoni banki ipereka K70.4 miliyoni iye asake K17.6 miliyoni. Valuer akabwera n'kulemba kuti nyumbayo ndi ya K80 miliyoni, banki ipereka K64 miliyoni basi, ndiye mayiyo akufunika K24 miliyoni ya m'thumba, kuphatikizapo za loya, stamp duty (msonkho wa boma posintha umwini), inshuwalansi ndi zina za banki. Apa ndi pomwe amabwerera kwa inu patatha miyezi iwiri kudzapempha kuti mutsitseko, nthawi yomwe ogula ena aja anapita kale. Ndiye funsani poyamba pomwe kuti gawo lake la m'thumba ali nalo kale kapena akuyembekezera kugulitsa galimoto, komanso gwirizanani kuti valuer akalemba mtengo wotsika zikhala bwanji. Ndi chifukwa chakenso ndimalimbikitsa kuti mwini nyumba apeze valuer wovomerezeka wake asanayambe kulengeza, amalipiritsa inde koma mumadziwa pomwe mwaima.

Kumbukiraninso kuti chiwongoladzanja kuno ndi chokwera kwambiri. Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongoladzanja chomwe mabanki ena amatengerapo, kufika pa 26 peresenti kumayambiriro kwa 2024, ndipo ngongole za anthu wamba zimayendera chapomwepo. Pa K64 miliyoni, chiwongoladzanja cha 25 peresenti chokha ndi K16 miliyoni pa chaka, kuposa K1.3 miliyoni pa mwezi musanayambe n'komwe kubweza ngongole yeniyeniyo. Ndi anthu ochepa omwe malipiro awo angavomerezedwe pa ndalama zotere. Omwe amadutsa mosavuta nthawi zambiri ndi ogwira ntchito m'mabanki momwemo kapena m'makampani omwe ali ndi ngongole za nyumba za antchito awo pa chiwongoladzanja chotsika, ndiye wogula akakuuzani kuti yake ndi ya kuntchito, chimenecho ndi chizindikiro chabwino ndithu.

Pa malonda a kubanki pamakhala chinthu chomwe chimaopsa eni nyumba ambiri, banki imafuna kuti dzina lisinthe ndipo chikole chake chilembetsedwe pa title deed isanatulutse ndalama. Ndiye mumasayina mapepala osinthira umwini ndalama musanazione. Chomwe chimakutetezani ndi kalata ya banki yolonjeza kuti ikangomaliza kulembetsa ilipira ndalama zakuti mu akaunti yakuti, maloya amaitcha letter of undertaking. Popanda kalata imeneyo musasayine chilichonse. Ndipo loya yemwe akuyendetsa zimenezi amakhala wa banki kapena wa wogula, inu pezani wanu, ndipo mukhoza kufunsa ku Malawi Law Society ngati ali ndi chilolezo chogwira ntchito chaka chimenecho.

Wa kashi uja ndiye amakoma, koma mawu oti kashi ali ndi matanthauzo ambiri pa msika wa nyumba. Wina amati kashi pomwe akudikira penshoni yake ituluke, wina akudikira msika wa fodya utsegulidwe mu April ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, wina akudikira agulitse kaye nyumba yake ku Machinjiri, kutanthauza kuti malonda anu amangiriridwa ku malonda ena omwe simukuwaona. Onsewa si akashi, ndi olonjeza ngati bambo woyamba uja. Wakashi weniweni atha kuonetsa loya wanu sitetimenti ya kubanki kapena kuika ndalamazo mu akaunti ya makasitomala ya loya pomwe mapepala akuyenda.

Ndipo ndalama zidutse kubanki. K82 miliyoni ya ma K5,000, yomwe ndi ndalama yapepala yaikulu kwambiri yomwe tili nayo kuyambira 2022, ndi mapepala 16,400. Simungawawerenge bwino pa tebulo la pabalaza, simungadziwe ngati muli achinyengo, ndipo anthu onse omwe adziwa kuti chikwama chalowa m'nyumba mwanu usiku umenewo ndi chiopsezo pa moyo wanu ndi ana anu. Mukapita nazo kubanki akufunsani komwe zachokera, chifukwa pansi pa Financial Crimes Act ya 2017 mabanki, maloya ndi ma ejenti a nyumba amayenera kudziwitsa Financial Intelligence Authority za ndalama zokayikitsa. Munthu wokana banki, wokana loya, wofuna kuti pa mapepala mulembe mtengo wotsika kusiyana ndi weniweni kuti azembe stamp duty, kapena wofuna kuti nyumba ilembedwe dzina la munthu wina yemwe simunamuonepo, ameneyo ngakhale atchule 100 miliyoni ndi woti mumuganizire kawiri. Nyumba yogulidwa ndi ndalama zakuba imatha kugwidwa pa mlandu ndipo inu mumapezeka mukuitanidwa kukafotokoza. Chinanso, chithunzi cha pa WhatsApp chosonyeza kuti ndalama zatumizidwa kapena SMS yooneka ngati ya banki si umboni, zimenezo anthu amapanga pa foni. Umboni ndi banki yanu kukuuzani kuti ndalama zalowa ndipo mutha kuzitapa.

Mukatha kuona za nthawi ndi kutsimikizika kwa ndalama, werengani zomwe zitsale m'manja mwanu, chifukwa ofa iliyonse imabwera ndi michira yake. Kuti dzina lisinthe pa nyumba ya mumzinda pamafunika zinthu zingapo, ma city rates akhale olipiridwa ku khonsolo, ground rent (lendi ya malo a lizi) ikhale yolipiridwa, MRA ipereke tax clearance, kalata yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndipo ngati malowo ndi a lizi pafunika chilolezo cha mwini lizi, kaya ndi Unduna wa za Malo kaya ndi Malawi Housing Corporation monga zimakhalira ndi nyumba zambiri za ku Area 18, Nkolokosa, Chitawira kapena Katoto. Ngati munakongolera nyumbayo kubanki, ngongoleyo iyenera kutha kaye kuti chikole chichotsedwe. Pali mabilu a Water Board, pali komishoni ya ejenti. Mwachizolowezi ngongole zakale za nyumba ndi za wogulitsa pomwe stamp duty ndi zolembetsa ndi za wogula, koma zonsezi zimakambidwa. Wogula wa K82 miliyoni yemwe akuti aitenga momwe ililimu ndipo alipira yekha ma rates otsalira atha kukusiyirani zambiri kuposa wa K88 miliyoni yemwe akufuna mukonze kaye denga, mupente, musinthe giza komanso mutulutse alendi mwezi uno. Za alendizi musazipeputse, ali ndi mgwirizano wawo ndi inu ndipo amayenera kupatsidwa notisi yoyenera, musalonjeze tsiku lopereka nyumba lomwe simungakwanitse.

Mtundu wa mapepala omwe muli nawo umasankhanso ogula m'malo mwanu. Ngati nyumba yanu ili pa malo ogula kwa amfumu, pepala lomwe muli nalo ndi la mboni ndi chidindo cha amfumu basi, wogula wa kubanki ngakhale atchule ndalama zokoma bwanji sizitheka, banki imafuna title deed yoti igwire ngati chikole. Kumudikira munthu wotere ndi kungotaya miyezi. Chimodzimodzi ngati ndi nyumba ya malemu ndipo dzina silinasinthe, pezani kaye mapepala a kukhothi okupatsani mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye ndipo abale onse oyenera avomere, apo ayi ofa yabwino iliyonse ifera panjira tsiku lomwe loya wa wogula akafufuze ku Lands.

Za ma ejenti ndinene pang'ono. Alipo abwino, olembetsedwa, okhala ndi ofesi, ndipo alipo a pa foni omwe nyumba imodzi amaigulitsa asanu, aliyense waikapo yake pamwamba. Ejenti amadya malonda akatheka, ndiye mwachibadwa amakankhira wogula yemwe wabwera naye iyeyo kapena yemwe apereke dipoziti msanga kuti atengepo komishoni yake. Muuzeni kuti ofa iliyonse ibwere yolembedwa, yosayinidwa ndi wogula mwini wake, ndipo mukumane naye maso ndi maso. Zimachitika kuti wogula akulipira 95 inu mukuuzidwa 85. Komishoni gwirizanani polemba, ndipo ilipiridwe ndalama zonse zikalowa osati pa dipoziti.

Pali ogula a kunja. Abale athu omwe ali ku Joni, ku UK, ku Ireland kapena ku America akugula nyumba zambiri masiku ano ndipo ambiri amalipira bwino, koma funsani kuti asayina ndani. Ngati ndi mchimwene wake yemwe ali kuno, akhale ndi power of attorney yeniyeni, chikalata chomupatsa mphamvu yosayina m'malo mwa wogula, osati voice note. Akakuuzani kuti alipira mu ma dollar kapena ma rand, samalani, malamulo a ndalama zakunja kuno ndi okhwima, mtengo wa kubanki ndi wa pamsewu ndi wosiyana kwambiri, ndipo mkangano woti tiwerengere reti iti umabuka pa tsiku lolipira. Mtengo ulembedwe mu kwacha, zilowe mu kwacha kudzera njira zovomerezeka. Ngati wogulayo si nzika ya Malawi ndiye nkhani ina, kusintha kwa malamulo a malo kwa 2022 kunakhwimitsa kwambiri zogulitsa malo kwa anthu omwe si nzika, ndiye musalandire ngakhale dipoziti loya asanakuuzeni kuti kusintha dzina kutheka.

Wogula wovuta kumuyesa kuposa onse ndi wachibale kapena mnzanu wa kutchalitchi. Amabwera ndi mtengo wotsika komanso nthawi yaitali, zonse ziwiri, ndipo kumupempha kuti asayine pepala kumaoneka ngati simukumukhulupirira. Ngati mwasankha kumuchitira chifundo palibe cholakwika, nyumba ndi yanu, koma dziwani kuti mukupereka mphatso ya ndalama zingati, ndipo lembani chimodzimodzi ngati mlendo. Imfa siyipangana, mmodzi wa inu akachoka ana otsala adzakangana pa zomwe sanazione.

Nanga pa atatu aja mutani? Ine sindingathamangire kuvomera kapena kukana aliyense tsiku lomwelo. Ndingawauze onse kuti pali ena omwe akufuna, popanda kunama manambala, ndipo aliyense abweretse ofa yake yomaliza yolembedwa pofika Lachisanu. Wa kashi ndingamupemphe akwereko kufika 85, nthawi zambiri munthu yemwe watchula 82 amakhala wasiya kampata. Mayi wa kubanki ndingamufunse kalata ya banki ndi umboni wa gawo lake. Bambo wa 95 ndingamuuze kuti abweretse 70 lero, zotsala m'miyezi itatu, makiyi pomaliza, ndipo akakana ndiye kuti mwadziwa kuti 95 ija inali ya pakamwa. Kusankha pakati pa wa kashi ndi wa kubanki kumatengera chomwe mukugulitsira. Ngati ndi fizi ya mwana ku yunivesite, matenda, ngongole yomwe ikubereka chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku, kapena mwapeza kale nyumba ina yomwe mwini wake sadikira, tengani 85 ya lero. Ngati simuli pa changu, alendi akadali m'nyumba ndipo lendi ikulowa, mayi uja ali ndi kalata yeniyeni, kudikira miyezi iwiri kapena itatu chifukwa cha K3 miliyoni yoonjezera kutha kukhala kwanzeru, koma werengerani bwino chifukwa mitengo ikamakwera ndi 25 peresenti ija kugwa mphamvu kwa kwacha kutha kudya yonseyo.

Mukasankha, mgwirizano wolembedwa unene mtengo, dipoziti, tsiku lomaliza kulipira, amene alipire chiyani, tsiku lopereka makiyi, katundu yemwe atsale monga thanki ya madzi, ma solar kapena pampu, komanso chomwe chichitike ndi dipoziti wogula akalephera. Mfundo yomalizayi ndi yomwe anthu amaiwala, kenaka wogula akabwerera m'mbuyo amafuna ndalama zake zonse pomwe inu munagwiritsa kale ntchito. Ngati n'kotheka dipoziti ikhale kwa loya mpaka malonda atatha. Ogula enawo auzeni mwaulemu kuti mwasankha wina koma muwaimbira zikakanika, ndipo musalandire dipoziti kwa anthu awiri pa nyumba imodzi ngakhale woyambayo akuchedwa bwanji, thetsani kaye mgwirizano woyamba polemba ndipo mubweze zoyenera kubweza, chifukwa kupanda kutero kutha kukhala mlandu wopeza ndalama mwachinyengo n'kukathera kupolisi.